Alamu anga ndi ngongole ya geti

Shedi ya alamu anga ili ku Ndirande, kufupi ndi msika, kumene nyundo zimayamba kulira anthu ena asanatereke n'komwe madzi osamba. Amawotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi, nthawi zina wilibala ya munthu ikathyoka mwendo. Ndinapita kumeneko Lachinayi lina masana, mu Ogasiti 2022, nditavala shati yoyera ya kuntchito, m'thumba muli kapepala koitanira anthu ku msonkhano wa chitsitsimutso. Lamulungu lapitalo abusa anali atatiuza kuti aliyense abwere ndi munthu mmodzi. Mmodzi yekha basi. Ine wanga ndinali nditamusankha kalekale.

Ndinawapeza atagwada, galasi lakuda lili kumaso, moto ukuthetheka. Mnyamata wina anali atawagwirira chitsulo, nkhope atayang'anitsa kumbali. Ndinaima poteropo mpaka anazimitsa makina.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Taswera, kaya inu alamu. Lero mwasochera?"

Tinaseka. Ndinafunsa za ana, tinanyozana pang'ono za mpira, paja iwo ndi a Bullets ine wa Manoma, kenako ndinatulutsa kapepala kaja. Anakalandira ndi nsonga za zala kuopa kukadetsa, n'kukawerenga konse, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi.

"Zabwino izi. Kukhala makwaya?"

"Anayi. Mlaliki akuchokera ku Zomba."

Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la ovolosi. Ndiye anafunsa, osakweza mawu, ngati munthu wofunsa za mvula: "Nanga geti lija likutsekeka bwinobwino?"

Geti limene ankanenalo ndi la kunyumba kwanga ku Machinjiri. Anandiwotcherera mu 2020, pamodzi ndi zitsulo za mawindo asanu. Tinapangana K180,000, mtengo wa pachibale. Ndinapereka K120,000, yotsalayo n'kunena kuti kutha kwa mwezi. Mwezi unatha, wina n'kutha, chaka n'kutha. Iwo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi. Achemwali anga, akazi awo, ndi amene anazitchula tsiku lina pamaliro, monong'ona, ine n'kuyankha kuti ndikudziwa, zinthu zikangoyenda ndipereka. Zinthuzo zinkayenda ndithu. M'miyezi yomweyo ndinagula foni yatsopano, ndipo pa Paper Sunday ya chitukuko cha tchalitchi dzina langa linawerengedwa kutsogolo, anthu n'kuwomba m'manja.

"Likutsekeka," ndinatero.

"Zikomo. Mukapereke moni kunyumba." Anatsitsanso galasi lija, mnyamata n'kugwira chitsulo.

Mu minibasi yobwerera ku Limbe ndinali wokwiya. Manyazi anabwera mochedwa, choyamba unali mkwiyo. Ndinkadziuza kuti munthu uyu waumitsa mtima, ine ndamubweretsera nkhani ya moyo wosatha iye maganizo ali pa K60,000. Ndinafika pokumbukira fanizo la wofesa, mbewu zija zinagwera paminga n'kutsamwitsidwa ndi nkhawa za dziko ndi chinyengo cha chuma. Vesi linali lolondola. Ndinangolakwitsa mwini munda.

Ku chitsitsimutso sanabwere. Msonkhano unayenda bwino, makwaya anayimba mpaka fumbi, ndipo tsiku lomaliza anthu ambiri anabwera kutsogolo. Ine ndinali m'gulu lolemba mayina. Tinadzaza masamba awiri a kope, mayina ndi manambala a foni, ndipo Lamulungu lotsatira chiwerengero chinalengezedwa, amayi n'kululutira. Kopelo linakhala m'chikwama changa mpaka Khirisimasi. Palibe amene anandifunsa za ilo, inenso palibe amene ndinamuimbira. Sindikunyoza misonkhano, ndikudziwa anthu olimba m'chikhulupiriro amene anayambira pomwepo. Sindinyozanso alaliki aja amakwera basi pa Wenela, Baibulo lakutha chikuto lili m'manja, n'kulalikira mpaka basi ituluke m'tauni. Kulimba mtima kwawo ine ndilibe. Koma ntchito yathu ambirife imathera pamene munthu wakweza dzanja, chonsecho pamenepo ndi pamene yangoyamba kumene.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ineyo sindinabwere kwa Yesu ndi kapepala.

Mu 2006 achimwene anga aakulu anagonekedwa ku Queens, ndipo poti kunyumba ku Thyolo kunalibe wina woti n'kubwera, wodikirira matenda ndinali ine. Mnyamata wa zaka 22, wosadziwa kuphika ngakhale phala lopanda mibulu. Amene anadikirirapo matenda pa chipatala chachikulu amadziwa moyo wake: kugona pansi pa simenti, kuchapa zovala za wodwala m'mamawa, kulimbirana malo ophikira, kuwerenga timakobiri ta makala. Bedi loyandikana ndi lathu panali bambo ena achikulire, ndipo akazi awo, mayi a ku Zingwangwa, anandiona tsiku lachiwiri ndikulimbana ndi mthiko. Anangondilanda poto. "Mwana wanga, phala ili wodwala sangamwe. Bweretsa ufawo kuno." Kuyambira tsiku limenelo ankaphika za anthu anayi.

Kwa milungu itatu sanandilalikirepo. Usiku ankagwada pambali pa bedi la amuna awo n'kupemphera chapansipansi, ndipo ndinkamva akutchula dzina la achimwene anga. Sanandipemphe chilolezo, sanandiuzenso kuti nditseke maso. Achimwene anamwalira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Ine ndinangoti kakasi, osadziwa poyambira. Mayi aja ndi amene anawatseka maso, n'kumasula chitenje chawo kuwafunditsa. Kutacha anatuma uthenga, ndipo panabwera amayi a Mvano asanu ndi mmodzi, mabulauzi oyera, maduku oyera. Sankatidziwa. Achimwene anga sanali a mpingo wawo, sanali a mpingo uliwonse. Koma anaperekeza thupi kuchokera ku wodi mpaka ku mochale akuyimba, ine ndili pakati pawo ngati mwana wawo.

Patatha mwezi ndinafunsira njira mpaka ndinapeza nyumba yawo, nditanyamula nthochi za kwathu kuti ndikathokoze. Amuna awo anali atatuluka m'chipatala. Pondiperekeza anati, "Lachitatu pano pamakhala mlaga, timakumana kupemphera. Uzibwera, tiyi amakhalapo." Kundiitana konse kunali komweko. Ndinkapita chifukwa cha tiyi ndi chifukwa choti m'tauni muno ndinalibe wina. Panatenga chaka ndisanalowe kalasi, ndipo ndinabatizidwa mu 2008. Pamene mawu a Uthenga Wabwino ankandifika m'khutu, maso anga anali ataona kale kanthu kena, moti mawuwo anangobwera kudzatchula dzina la chimene ndinaonacho.

M'chaputala choyamba cha Yohane muli kukambirana kumene ndinkakuwerenga mothamanga. Filipo wapeza Natanaeli n'kumuuza kuti tamupeza uja analembedwa ndi Mose ndi aneneri, Yesu wa ku Nazarete. Natanaeli akuyankha monyoza, kufunsa ngati ku Nazarete kungachokere kanthu kabwino, monga mmene ena m'tauni muno amanenera za Ndirande kapena Mbayani. Filipo sanatsegule mipukutu kuti atsutsane naye. Anangoti, "Tiye ukaone." Ndinkawakonda mawu amenewa chifukwa ndinkati ndi osavuta, aliyense angathe kuwanena. Pano ndimawaopa. Filipo anali ndi Yesu weniweni woti akamuonetse, akuyenda ndi miyendo m'Galileya. Ine ndikauza munthu kuti tiye ukaone, choyamba kuona ndi ineyo, ndi mmene ndimalankhulira ndi mkazi wanga, ndi mmene ndimalipirira mtsikana wantchito, ndi geti limene ndimatsekula m'mawa uliwonse popita ku tchalitchi. Alamu anga anali ataona kale. Zaka ziwiri zathunthu ankaona.

Vuto limeneli si lachilendo mu mzinda uno, unabadwa nalo. Mu 1876 Henry Henderson ankayendayenda kufunafuna malo oti amishoni a Church of Scotland akhazikepo, ndipo womutsogolera ndi kumumasulira anali Tom Bokwito, amene ali mwana anawomboledwa m'manja mwa ogula akapolo. Anapeza malo m'dziko la mfumu Kapeni, n'kuwatcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa David Livingstone. Koma zaka zoyambirira zinali zochititsa manyazi. Amishoni aja anadzisandutsa oweruza milandu, ankakwapula anthu, wina mpaka anafa nazo zikoti. Anthu a kuno ankamva za chikondi cha Mulungu Lamulungu, n'kuona mkwapulo Lolemba. Nkhani itamveka ku Scotland mtsogoleri wawo Duff Macdonald anachotsedwa, ndipo mu 1881 kunabwera David Clement Scott kudzayambanso.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene timachiona tikamadutsa pa HHI ndipo akwati amakonda kujambulitsapo zithunzi, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Scott sanaphunzirepo za kamangidwe, ndipo amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali anthu a konkuno amene anali asanamangepo chinthu chotere. Anaphunzira ali pantchito, mmodzi pambali pa mnzake, zaka zitatu. Ndikamachiyang'ana masiku ano ndimaganiza za zimene anthu aja ankaona mwa Scott tsiku ndi tsiku, khoma likapindika, njerwa zikasweka mu uvuni, malipiro akachedwa. Mmodzi mwa anyamata amene anakulira pa mishoni nthawi imeneyo, Harry Kambwiri Matecheta, Myao, anatumidwa mu 1893 kukakhala pakati pa Angoni ku Nthumbi, anthu amene makolo ake ankawathawa. Anakhala kumeneko zaka zambirimbiri. Iye ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu 1911, oyamba mwa anthu akuda pa mishoni ya Blantyre, patatha zaka 35 chiyambire mishoniyo. Mwina azungu anachedwetsa dala, ndipo ndikukhulupirira kuti tsankho linalipo. Komabe zaka zimenezi zimandikumbutsa kuti mpingo umene ndimapempheramo sunamangidwe pa masiku atatu a chitsitsimutso.

Mawu amene Baibulo lathu limatchulira otsatira a Yesu ndi akuti ophunzira. Ife tikamva mawu amenewa timaona desiki, choko ndi mayeso, ndipo n'chifukwa chake timaganiza kuti munthu akaloweza katekisimu n'kuyankha bwino pamaso pa akulu a mpingo ndiye kuti watha. Tanthauzo lake lenileni ndinakaliphunzira ku shedi ya munthu amene sapemphera. Alamu anga nawonso ali ndi ophunzira. Mnyamata akabwera kuti akufuna ntchito ya zowotcherera, miyezi itatu yoyamba sagwira makina. Amasesa, amawongola zitsulo zopindika, amapaka penti yofiira ija yoteteza dzimbiri, amagwirira abwana akamawotcherera. Amaphunzira kusayang'ana moto, ndipo pafupifupi aliyense amaphunzira mochedwa, atagonapo usiku umodzi maso akuwawa ngati muli mchenga. Amadya chimodzimodzi ndi abwana ake, mbale imodzi ya chipisi kapena nsima ya pamsika. Amaona mmene amayezera kawiri asanadule, mmene amayankhira kasitomala wolalata, zimene amachita magetsi akazima ntchito ili pakati. Alamu amati ntchito imalowera m'maso ndi m'manja, m'khutu imangodutsa.

Mnyamata amene anali pa shedi nthawi imeneyo anali Msilamu wa ku Mangochi, ndipo Lachisanu lililonse ikamakwana 12 koloko alamu ankamuuza okha kuti asambe m'manja apite ku mzikiti, ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Munthu wosapemphera ameneyo.

Marko analemba kuti Yesu anasankha khumi ndi awiri aja kuti akhale naye, ndiyeno kuti akawatume kukalalikira. Kukhala naye kunayamba. Anadya naye, anagona naye panjira, anamuona atatopa, anamuona akuyankha omukola ndi mafunso. Ndipo pamene ankawatuma komaliza, m'Mateyu 28, Buku Lopatulika limati, "mukani, phunzitsani anthu a mitundu yonse." Ife timamva ngati akuti mukani mukawauze. Kuuza munthu n'kwa mphindi khumi, ukhoza kuchita ngakhale pa WhatsApp, ndipo ine ndinali katswiri wotumiza mavesi a m'mawa okhala ndi maluwa, alamu anganso ankalandira nawo. Kuphunzitsa kwa mtundu wa pa shedi kumafuna kuti munthuyo akhale pafupi nawe mpaka aone ndi zimene sunafune kuti aone. Walira mvula walira matope.

Vesi limene linandigwetsa silinali la kulalikira n'komwe. Linali la pa Mateyu 5, pamene Yesu akuti ngati wabwera ndi mphatso yako ku guwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, isiye mphatsoyo pomwepo, upite ukayanjane naye kaye. Linawerengedwa pa mlaga wina mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo amene ankawerenga anali mtsikana wa sekondale amene sankadziwa chilichonse za ine. Ndinamva kutentha m'makutu. Vesili silikunena za iwe amene wakwiyira m'bale wako. Likunena za m'bale amene ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira iweyo.

Mwezi umenewo sindinapereke lonjezo langa la chitukuko. Ndinapita kwa asungichuma n'kuwauza kuti ndili ndi ngongole ya munthu imene ndiyenera kuyamba ndabweza, ndipo nkhope imene anandipatsa sindidzaiwala. Kenako panabuka funso la kuchuluka kwake. Mu Meyi chaka chimenecho ndalama ya kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo chitsulo chinali chitakwera kale isanagwe n'komwe. K60,000 ya 2020 sinali K60,000 ya 2022. Ndinalimbana nazo masiku angapo, mtima wina ukuti pangano ndi pangano, wina ukundikumbutsa Zakeyu amene anabweza kanayi. Kanayi sindikanakwanitsa. Ndinatenga K100,000.

Anawerenga kawiri, akunyowetsa chala.

"Mwaonjeza, alamu."

"Chitsulo chinakwera."

"Chinakweradi."

"Ndinakulakwirani. Ndalama ndinali nazo."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatuma mnyamata uja kukagula Fanta ziwiri. Lilime linkandiyabwa kuti ndiponyepo kavesi, poti mpata unali utapezeka. Ndinadzigwira. Ndikanatero, ndalama ija ikanasanduka nyambo, ndipo iwo akanadziwa.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kumapita ku shedi Loweruka lina ndi lina, wopanda kapepala. Ndinkakhala pa chigubu chopanda kanthu, nthawi zina n'kugwirira nawo chitsulo. Maso anandiwawa usiku umodzi, monga aliyense.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy. Amene tinali mu Blantyre mu Malichi 2023 sitifuna kukumbutsidwa mvula ija, yosalekeza usana ndi usiku, ndi m'mawa umene tinamva kuti phiri la Soche lakhuthukira pa nyumba za anthu ku Chilobwe. Ku mpingo kwathu tinapanga komiti, tinasonkhanitsa zovala ndi ufa, ine ndinali mlembi. Alamu anga sanadikire komiti. Anatseka shedi, anatenga mapiki, mafosholo ndi zitsulo zotukulira miyala, n'kupita ndi anyamata awo. Tsiku lachiwiri ndinawatsatira, kunena zoona chifukwa achemwali anandipempha kuti ndikawapatsire chakudya. Ndinawapeza matope ali m'chiuno, akukumba pamene mayi wina ankaloza kuti panali chipinda chake. Ndinavula nsapato n'kulandira fosholo.

Cha kumadzulo tinapeza mwana. Sindifotokoza zambiri. Amuna onse anangoti zii, mafosholo ali m'manja, mvula ikuwaza. Alamu anavula jekete lawo n'kumufunditsa, kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, inu mumadziwa mawu ake. Pempherani."

Ine amene ndimatsogolera mapemphero pa maukwati ndi pa misonkhano, mawu anandithawa. Ndinangoti Ambuye, mwana uyu ndi wanu, mayi ake awa, tichitireni chifundo, n'kubwerezanso zomwezo. Nditatsegula maso ndinaona kuti alamu avula chipewa.

Pali fanizo la ana awiri amene bambo awo anawatuma kumunda. Wina anati ndipita koma sanapite, wina anakana koma pambuyo pake anapita. Linandizungulira m'mutu masiku onse aja. Komabe sindikufuna kunamiza munthu kuti ndinafika poganiza kuti alamu anga safunika Khristu poti ndi munthu wabwino. Iwo eni ake angakuuzeni za Loweruka lawo madzulo, ndipo achemwali anga angakuuzeni zambiri. Ubwino wawo suwachotsera ludzu limene ndimaliona mwa iwo, monganso ukulu wanga mu mpingo sunandiletse kudya thukuta lawo. Ndimafunabe kuti amudziwe Yesu, ndipo ndikudziwa kuti chikhulupiriro chimadza ndi kumva, tsiku lina mawu amayenera kunenedwa. Chimene chinasintha n'chakuti ndinasiya kuwaona ngati munthu wanga mmodzi uja wa abusa.

Mawuwo anabwera okha, patatha miyezi iwiri, magetsi atazima ndipo tili chikhalire pa shedi. Ndinawafunsa funso limene pa zaka zonse za chilamu chathu ndinali ndisanafunsepo, poti ndinkaganiza kuti yankho ndikulidziwa.

"Kodi alamu, tchalitchi munasiyiranji?"

Anatola kachitsulo n'kumakanda nako pansi. Anati mayi awo anali Mkhristu wa zaka zambiri kumudzi. Bambo awo atamwalira, mayiwo anayamba kutcheza kachasu kuti apeze fizi, ndipo mpingo unawadula. Iwo sanatsutse, ankadziwa lamulo, ankapitabe Lamulungu n'kukhala kumbuyo. Anamwalira asanabwezeredwe. Alamu anali ndi zaka 16, ali m'kalasi, atatsala pang'ono kubatizidwa.

"Maliro a mayi anga analibe nyimbo, alamu. Anthu amene ankayimba nawo kwaya anabwera, anakhala pansi, osatsegula pakamwa. Akuti lamulo. Tinawanyamula chete ngati tikukataya chinthu. Fizi imene ndinaphunzirira ine ndi imene inawamanitsa nyimbo."

Ndinalibe choyankha, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindinayese. Ndikudziwa chifukwa chake mipingo ili ndi mwambo, ndakhalapo pa mabwalo a akulu a mpingo pamene timaweruza nkhani zoterezi, ndipo kachasu wapha anthu ambiri m'midzi mwathu. Koma mnyamata wa zaka 16 sanaone mwambo. Anaitanidwa kuti adzaone, ndipo chimene anaona ndi chimenecho. Zaka zonse zija ndinkawatumizira mavesi a maluwa, osadziwa kuti ndikuthira mchere pati.

Patapita nthawi ndinawauza za ku Queens. Za phala, za chitenje, za amayi asanu ndi mmodzi amene anayimbira munthu wosamudziwa, wopanda khadi la mpingo uliwonse. Anadabwa kuti nkhaniyi sanaimvepo, chonsecho womwalirayo anali mlamu wawo ngakhale sanakumanepo. Ndinawauza kuti sindingathe kuwafotokozera chifukwa chake mpingo womwewo umatha kuyimbira mlendo n'kumana mwana wake, koma kuti Yesu amene ndinamupeza kudzera mwa amayi aja ndi amene anaima pa manda a Lazaro n'kulira, ndipo sindikhulupirira kuti pa maliro a mayi awo Iye anali kumbali ya okhala chete. Ndinanena zimenezo basi. Magetsi anayaka, iwo n'kudzuka kukayatsa makina.

Mpaka lero sanabatizidwe, ndipo Lamulungu m'mawa mukawafuna mukawapeza ku shedi kapena akukonzekera za ku Kamuzu Stadium. Akulu anzanga ena amandifunsa kuti nanga alamu anu aja zili pati, ine ndimangoti tikucheza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kope lija ndinalitulutsa m'chikwama, ndinaimbira manambala onse, ambiri sanapezeke, koma anyamata awiri amabwera kunyumba Loweruka m'mawa. Timawerenga Marko pang'onopang'ono, kenako amandithandiza ku dimba, ndipo aona kale mmene ndimakhalira ndikapsa mtima.

Mwezi wathawu mlaga unali kunyumba kwathu. Achemwali anabwera, ndipo alamu anawaperekeza, akuti poti kubwerera kukhala kutada. Ndinawapempha kuti alowe, anakana, anati ovolosi yawo idetsa mipando. Ndinawatulutsira mpando pakhonde ndi kapu ya tiyi. Tinawerenga, tinapemphera, kenako mayi wina anayambitsa nyimbo ya m'buku, yakalekale, ya mavesi asanu, imene achinyamata ambiri amangoidziwa vesi loyamba. Tili pa vesi lachitatu ndinamva besi ikuchokera panja, chapansipansi, mawu onse ali m'malo mwake. Achemwali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana m'buku.

Anthu atabalalika ndinawapeza ali pa geti, akulitsegula ndi kulitseka, khutu atatchera.

"Likulira ili," anatero. "Mumalithira girisi koma?"

"Sindinalithirepo."

"Zaka zonsezi? Ndibwera nayo Lachitatu."